Zimene Ndinakhomera m'Kabati ya Koleji

Kokerani mphasa iyo kumthunzi, ana inu, dzuwa la Okutobala lilibe chibale. Madalitso, foni iyo ilowe m'thumba, siithawa. Iwe Tadala sendera kuno, chifukwa nkhaniyi ndi yako kuposa anzakowa. Dzulo ndinakumva ukudandaulira mayi ako kuti kukoleji kumene akulemba ntchito ya ulekichala akuti uyambe wakhala pansi sabata ziwiri, akuphunzitse kaphunzitsidwe. Akuti akupatsanso mayi wina wachikulire woti azikhala kumbuyo kwa kalasi yako n'kumakuonera. Ndiye iwe ukuti, "Digiri ndili nayo, akunditenga ngati mwana." Ndinaseka ndekhandekha kuchipinda mpaka agogo anu aakazi anabwera kudzaona ngati mankhwala andizunguza mutu.

Taimani kaye, ndege iyo idutse. Ife a ku Chileka tinazolowera kusiya mawu ali pakamwa n'kudzawatola ikapita. Agogo anga, amene anayenda pansi kuchokera ku Mozambiki atamanga mbewu ya kalongonda pansonga ya nsalu, ankavula chipewa ndege ikamadutsa. Ankati simudziwa amene ali m'katimo, mwina ndi munthu wamkulu. Ine ndili mwana ndinkagona chagada pamsipu, mbuzi zikudya za eni, n'kumaitsatira ndi maso mpaka isanduke kadontho, kenako kadonthoko n'kusowa. Ndinkafuna kudziwa kuti chinthu chikachepa chonchi chimapita kuti. Mwina sayansi inandilowa pamenepo, kaya.

Sayansi yangayo ndinaiphunzira pakalata. Mukuyang'anana chiyani? Ndinali mphunzitsi wa pulayimale, ndipo mwezi ndi mwezi ndinkapalasa njinga kukatenga envulopu yakhaki kupositi. M'katimo munkakhala mapepala a maphunziro ndi zithunzi zakuda ndi zoyera. Ndinkawerenga pansi pa mtengo wa mango, kuyankha mafunso, kutumiza, n'kudikira. Ndikatumiza mango ali maluwa, yankho linkandipeza ndikuyamwa mango akupsa. Lero inu mumafunsa foni, mphindi isanathe yakuyankhani, komabe mumatukwana netiweki kuti ikuchedwa. Ndinakhoza bwino ndithu, ndipo koleji ina yophunzitsa aphunzitsi itasowa munthu wa sayansi, anandiitana. Dzina la kolejiyo tilisiye, siinalakwe kanthu. Wolakwa ndi amene mukumuona apayu.

Tsiku loyamba a Pulinsipolo anandipatsa bokosi la choko, mndandanda wa ophunzira ndi kiyi wa kabati ya mu labu, n'kundigwira chanza. Basi, ndinali lekichala. Palibe anandifunsa ngati pali chimene ndikusowa, ndipo kunena zoona, akanandifunsa ndikanakana. Masiku amenewo manotsi tinkalemba pa sitensulo, pepala lofewa lonunkhira sera, n'kukapukusa pamakina ndi dzanja, tsamba limodzilimodzi. Ukalakwitsa chilembo unkapakapo timankhwala tofiira n'kuuzira ndi pakamwa. Agogo anu aakazi ankadziwa tsiku limene ndapukusa poona manja a shati, ndipo ankandilandira ndi beseni asanandipatse moni. Ndinkaikonda ntchito imeneyo. Ndinkakonda kumva ophunzira akuti "a lekichala akubwera", ndinkakonda ngakhale fumbi la choko m'tsitsi.

M'kabati muja munali makina khumi ndi awiri oonera tinthu tosaoneka ndi maso, aja mumawatcha maikulosikopu, amodziamodzi m'bokosi lawo lathabwa. Anachokera kwa anthu akufuna kwabwino a kutsidya kwa nyanja. Ine ndinawasunga monga mmene mayi aliyense kuno amasungira mbale za alendo. Mukuzidziwa, zija zili m'kabati ya pabalaza, zimene inu simunadyerepo chibadwire ngakhale mwakula mukuziona. Kukamveka kuti akuluakulu akubwera kudzayendera koleji, ndinkawatulutsa makinawo, kuwapukuta, kuwandandalika patebulo. Alendo ankagwedeza mitu mokhutira. Galimoto yawo ikangotuluka pageti, makina ankabwerera m'mabokosi, loko n'kuti khethe. Palibe anadabwa, chifukwa aliyense kwawo kunali mbale zotero. Ena ankandiyamikira kumene kuti a Makwinja ndi munthu wodziwa kusamala zinthu.

Koma chifukwa chenicheni sichinali kusamala. Ine, lekichala wa sayansi, ndinali ndisanaonepo kanthu m'makina amenewo chibadwire. Ndinkawadziwa pachithunzi basi. Sabata yoyamba, ndili ndekha, ndinatsegula bokosi limodzi n'kuika diso. Mdima. Ndinapukusa apa, kupukusa apo, mdima womwewo. Ndinatseka msangamsanga ngati wakuba. Kufunsa? Ndifunse yani, ine amene anandiitana kuti ndidzaphunzitse ena? Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo, ndipo nyimbo yanga inali kujambula. Dzanja ili, likunjenjemerali, linkajambula maikulosikopu pabolodi mpaka ophunzira kuomba m'manja. Ndinkajambulanso zimene munthu amayenera kuona akaikapo kakhungu ka anyezi: tizipinda tondondozana ngati njerwa, kalikonse ndi kadontho pakati. Iwo ankakopera n'kuloweza, ine n'kumayenda pakati pa madesiki manja kumbuyo. Zaka zitatu zinapita choncho.

Pakati pa omaliza maphunziro chaka chachitatucho panali Esnati, mtsikana wa ku Lirangwe, wamtali, wosalankhulalankhula, wolemba mwaukhondo kuposa onse. Anali woyamba m'banja lawo kufika pakoleji. Pamayeso omaliza panali gawo lochita ndi manja, ndipo woyesa ankachokera kwina. Iyeyo ndiye ankakonza makinawo m'mawa, kenako wophunzira aliyense ankapatsidwa kakhungu ka anyezi kuti ajambule chimene akuona. Ambiri ankapulumuka, ena chifukwa anawagwirapo kusekondale, ena chifukwa anangowapeza ali okonzeka kale. Esnati anachokera kusukulu yopanda labu, ndipo pamakina ake wina amene anamutsogolera anali atagunda kalilole kakang'ono kam'munsi, kamene kamalowetsa kuwala. Anasuzumira, mdima. Sanadziwe choti agwire. Anatenga pensulo n'kujambula tizipinda tanga tija, bwinobwino, kadontho ndi kadontho. Woyesa uja anayamikira chithunzicho, kenako anawerama kuti aone yekha. Atadzuka anafunsa, "Chemwali, izi mwaziona pati?" Esnati anangogwetsa nkhope. Ine ndinali chiimire pakhomo, ndipo ndinamva zonse.

Analephera gawo limenelo, ndipo popanda gawolo kunalibe satifiketi. Lamulo linkalola kubwereza kamodzi kokha, patapita miyezi ingapo. Akalepheranso, kapena akapanda kubwera, zaka zake ziwiri zalowa m'madzi. Anamanga katundu n'kubwerera kwawo, ndipo mnzake wina anadzatiuza kuti wanenetsa kuti sadzapondanso pakoleji. Ine m'chipinda cha aphunzitsi ndinkati, "Ana a masiku ano ndi aulesi, amangoloweza." Ndinkanena mokweza kwambiri kuti ndisamve zimene mtima unkandiuza.

Pakolejipo panali Mayi Nasibeko. Anali aafupi, imvi kutsogolo kokha, ndipo ankayenda mwachangu ngati asiya kanthu pamoto. Ntchito yawo inali yachilendo masiku amenewo: kuthandiza ife malekichala kuti tiziphunzitsa bwino. Anawapatsa kachipinda kamene kale kanali kosungiramo makasu, iwo n'kukadzaza ndi zitsekerero za mabotolo, makatoni, dongo, mapesi, masipoko a njinga, ndi mabuku amene aliyense ankangotenga akafuna. Mapapo a munthu anawapanga ndi botolo ndi chubu chakale, ndipo ankapumadi ukakoka. Ndikatseka maso ndimamvabe fungo la mmenemo, la guluu ndi tiyi wa mandimu. Lachisanu lililonse masana malekichala ankasonkhana m'kachipindako. Mmodzi ankaphunzitsa phunziro limene akukonzekera, ena onse n'kusanduka ophunzira, kufunsa dala mafunso opusa, kenako n'kukambirana pamene pavuta, uku akunyema chigumu. Chigumu chake si ichi chanu chothira shuga wambirimbiri, chinali cha mgaiwa ndi nthochi zakupsa kwambiri, cholemera m'dzanja. Kuseka kwawo kunkamveka mpaka ku labu. Ine sindinapondeko. Ndinkati amenewo ndi masanje a anthu akuluakulu.

Teremu yotsatira itayamba, tsiku lina ndinangoona Mayi Nasibeko alowa m'kalasi mwanga n'kukakhala padesiki ya kumbuyo ngati wophunzira. Tadala, usaganize kuti ndiwe woyamba kuipidwa ndi zimenezi. Ine thukuta linatsika mpaka m'masokosi. Tsiku limenelo ndinajambula kuposa masiku onse, ndi choko cha mitundu itatu. Ophunzira atatuluka, Mayi aja anabwera kutsogolo n'kuyang'ana bolodi nthawi yaitali.

"A Makwinja, dzanja ndiye muli nalo," anatero. "Koma ndili ndi pempho. Loweruka m'mawa mubwere ndi makina amodzi kuchipinda kwanga kuja. Ndikufuna ndidzikumbutse kagwiritsidwe kake, inu mudzandiyang'anire ngati ndikukhoza."

Munthu wamkulu akapempha chonchi umakana bwanji? Ndinapita ndikukonza mabodza panjira. Ndinawapeza ali okha, zenera lotsegula, dzuwa likulowa. Chimene ndinkaopa, choti andiuza kuti ndiwaonetse, sichinachitike. Anakhala pansi okha n'kuyamba kudzilankhulira, monga amachitira agogo anu aakazi akamalowetsa ulusi pasingano.

"Ine ndimayamba ndi kalilole aka. Ndimakatembenuzira kuzenera mpaka m'katimu muyere. Eya, mwayera. Tsopano kakhungu kathu, kopyapyala kwambiri, pagalasi apa, ndi kadontho ka madzi. Ndiye ndimatsitsa mpaka pafupi, kenako ndimakweza pang'onopang'ono, osathamanga." Atatha anasuntha ndi mpando womwe. "Taonani ngati ndakhoza, maso angawa ayamba bodza."

Ndinawerama. Ana inu, m'katimo munali mwezi wathunthu, woyera mbee, ndipo pamwezipo panali tizipinda tija. Koma sitinali ngati tanga ta pabolodi. Tanga tinali tofananafanana, pamene iti tina tinali tatitali, tina topindika, tina tothinana, ngati minda ya kwathu ukaiona uli paphiri. Ndinaiwala kuti ndine lekichala. Kenako Mayi aja anakatunga dontho la madzi a m'ngalande ya kuseri n'kuikapo. Mmenemo munali eni ake! Tizilombo tina tikupalasa, tina tikuzungulira pamodzimodzi, kena kakungoyenda pang'onopang'ono osalabadira anzake. Dontho limodzi, koma mudzi wathunthu, ndipo ine ndinali nditakhala ndi kiyi wake palamba zaka zitatu. Ndinakhala pamenepo mpaka dzuwa linachoka pazenera. Mpaka pano ndikamaodzera masana ngati ano, tizilombo tija timabwerabe m'maso mwanga tikusambira.

"Mayi," ndinatero osadzutsa mutu, "ine lero ndi koyamba."

"Ndinadziwa tsiku lija," anayankha. "Kalilole munakajambula mokongola, koma simunanene ntchito yake. Musadandaule, inenso ndinaphunzira ndili ndi ana atatu kale. Anandionetsa mnzanga wina ngati mmene ndakuonetseranimu."

Sanandiseke, sanandilalikire. Anangondithirira tiyi n'kufunsa, "Nanga mwana wa ku Lirangwe uja, mayeso ake obwereza ndi liti?" Kunali kutatsala sabata zitatu.

Sabata yonse yotsatira, ophunzira akaweruka, ndinkathamangira kukachipinda kuja. Mayi Nasibeko ankadzisandutsa wophunzira wogona kuposa onse. Ankagunda kalilole dala, kuika kakhungu kokhuthala dala, n'kumati, "Aphunzitsi, ine sindikuona kanthu." Ndikatambasula dzanja kuti ndikonze, ankalimenya pang'ono. "Manja kumbuyo, a Makwinja, paja mumakonda kuyenda choncho. Nenani ndi pakamwa, wogwira ndi ine." Anapitanso okha kwa a Pulinsipolo kukapempha kuti makina amodzi atuluke pageti. Zimene anakanena kumeneko sindidziwa, koma za ine sanaulule.

Loweruka linalo ndinakulunga bokosi m'chitenje cha agogo anu aakazi, chija cha maluwa achikasu chimene amandikumbutsabe kuti ndinachibweza ndi fumbi, n'kukakwera sitima. Inu a minibasi simudziwa ulendo, mumangodziwa kufika. Sitima inkayenda mosafulumira ngati ikuganizira, ndipo pazenera pankadutsa minda ya nandolo, mapesi ouma, ndi milambe itaima payokhayokha. Ikaima, amayi ankakweza malichero a nzimbe ndi mbatata yootcha mpaka pazenera. Bambo wina amene ndinakhala naye pampando, poona mmene ndinalifungatira bokosi lija, anandifunsa ngati muli wailesi yatsopano. Ndinati eya, kuti nkhani ithe. Ndinatsika pa Lirangwe, kufunsa njira kawiri, n'kuyenda pansi. Mtsinje unali utatsala mchenga ndi timadzi ta apa ndi apo, ndipo ndinaoloka osavula nsapato.

Ndinawapeza akupuntha nandolo pabwalo, Esnati ndi mayi ake. Atandiona, Esnati anataya ndodo n'kuthawira kuseri kukasintha nsalu. Mayi ake anayala mphasa, anagwada chapatali, moni wonse wautali uja, za kunyumba, za ulendo, kenako anandipatsa thobwa m'chikho. Nditanena chimene ndabwerera, anapukusa mutu.

"Aphunzitsi, mwavutika ndi ulendo, koma mwanayu musiyeni. Wandiuza yekha kuti anzake onse amaona, iye mdima wokhawokha. Ndiye kaya ndi maso, kaya ndi mutu, ife sitidziwa. Apitenso kukachita manyazi kachiwiri? Bola azilima, khasu silifunsa mafunso."

"Mayi, ndiloleni angosuzumira kamodzi," ndinatero. "Akaona mdima, ndinyamuka osanenanso kanthu."

Tinavundikira mtondo pakati pa bwalo n'kuikapo makinawo. Esnati anabwera ndi anyezi mmodzi wa kudimba, nkhope ili kumbali. Ndinaika manja kumbuyo n'kumanena ndi pakamwa, wogwira anali iye. Atatembenuza kalilole, ndinaona kuwala kukugwera padiso lake. Anapukusa pang'onopang'ono, kenako anangouma. Nkhuku zinayamba kudya nandolo, palibe anaziingitsa.

"Ndi izi?" ananong'ona. "Zinali momwemu nthawi yonseyi?" Misozi inayamba kudontha pamtondo. "Ine ndimayesa kuti Mulungu anandimana maso."

Pamenepo ndiye ndinalephera kupirira. Ndinali nditakonza zoti ndikangomuphunzitsa n'kubwerako ndi ulemu wanga wonse. Koma manyazi amene ndinawabisa zaka zitatu anandigonjetsa, ndipo ndinanena pamaso pa mayi ake, "Esnati, vuto silinali maso ako. Ine amene ndinakuphunzitsa, zimenezi ndaziona koyamba Loweruka lapitali. Ndinkakhoma kabati chifukwa sindinkadziwa. Ndinakulakwira."

Anangopukuta m'maso n'kuitana, "Amayi, tabwerani." Anawagwira dzanja n'kuliika pakalilole. "Musathamange. Tembenuzani mpaka muyere. Mwayera? Tsopano tsinzinani diso linalo." Mayi aja anasuzumira, anadzuka, anayang'ana anyezi wotsala uja, n'kusuzumiranso. "Ha! Ndiye takhala tikudya nyumba za eni!" Anaseka mpaka kukhala pansi m'makoko a nandolo. Ine ndinaima pambali kuonerera mtsikana amene ndinamutcha waulesi akuphunzitsa bwino kuposa ine. Atapukuta misozi ya kuseka, mayiwo anandiyang'ana n'kunena kuti, "Lolemba akwera sitima."

Madalitso, usandiyang'ane choncho, anakhoza. Anakhoza bwino, ndipo anaphunzitsa ana a kwa Chigaru mpaka kupuma pantchito. Ine ndinayamba kupita kumasanje a Lachisanu aja, ndipo ndinatchuka ndi mafunso opusa kuposa onse. Makina awiri anasweka m'manja mwa ophunzira zaka zotsatira, koma dziko silinathe. Zonsezo ndi zokoma kukumbukira, ndipo ndikanakhala wochenjera ndikanalekera pomwepa.

Koma chimene chimandibwerera ndi njira ya kusiteshoni tsiku lija, dzuwa litapendeka. Esnati anandiperekeza, bokosi atalisenza pankhata, ine ndikutsatira kumbuyo chimanjamanja. Tinaolokanso mchenga uja. Titafika pafupi ndi njanji anatula bokosi bwinobwino, anagwira m'manja mwaulemu, maso pansi.

"Aphunzitsi, ndifunse?"

"Funsa."

"M'kalasi muja tinalimo ambiri. Mukanangotsegula kabati n'kutiuza kuti nanunso simukudziwa, mwina mmodzi wa ife akanapeza, tonse n'kuona. Ine mwandipeza, zikomo. Nanga aja analephera kawiri zaka za m'mbuyomu, mukawapezanso kwawo?"

Analipo atatu. Ndinkawadziwa mayina ndi nkhope, ndipo kwa iwo lamulo linali litatseka kale. Sitima inalira kumtunda, ndinanyamula bokosi langa n'kukwera. Mpaka lero sindinamuyankhe.